Telala Wakhala Tsonga

Lachisanu, 9 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno chimwemwe chandisowetsa pokhala. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula pakamwa.

M'chipatala momwe ndimapima magazi muno munagonekedwa telala wina, bambo wa ana ang'onoang'ono. Fangasi, kachilombo ka mtundu wa nkhungu, kanamulowa mu ubongo. Mankhwala ankalandira ndithu, koma mutu osaleka kuwawa, mpaka anasiya kuzindikira mkazi wake. Ine ndinkaweta kachilombo kakeko m'timbale tagalasi, ndipo ndinadabwa kuona kakumera mosangalala pamwamba pa mankhwala omwe poyamba ankakapha.

Ndinathamangira kwa abwana anga, mayi wa imvi wosaseka wamba. Tinapima mozama kwa masiku angapo, ndipo tinapeza kuti vuto ndi majini odumpha. Musathamangire Baibulo achemwali, si majini a ziwanda ayi. Ndi tizidutswa ta malangizo a chibadwa cha kachilomboko, tomwe timachoka pamalo pake n'kukatera pena. Kachidutswa kena kanatera pomwe mankhwala amalowera, n'kutsekapo.

"Pita ukawauze wekha adokotala," anatero abwana. "Wayamba kuona ndiwe."

Ndinapita n'kukawafotokozera zonse. Adokotala anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kusintha mankhwala tsiku lomwelo.

Dzulo ndinadutsa ku wodi. Ndinapeza telala atakhala tsonga, akumwa tiyi. Mkazi wake atamuuza kuti ndine ndani, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, gawuni yako ya ntchitoyi anasoka ndani? Mkono wina wautali, wina waufupi. Ndikatuluka ubweretse."

Mkazi uja anaseka mpaka misozi, kenaka kuseka kunatha koma misozi osaleka. Anandigwira dzanja mwamphamvu. Ine ndinadzilimbitsa ngati munthu wa ntchito, n'kukalirira kuseri kwa firiji ya mabotolo.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amayi awo aang'ono sanawaiwale. Amayi muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono, atakhala pansi. Akafunsa kuti ndi matenda anji, musawabisire, ndi omwe aja anatitengera abambo. Muwauze kuti ulendo uno wodwalayo atuluka pa geti akuyenda ndi miyendo yake, mkazi wake atamunyamulira chikwama.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Chitsiriza