Difu ya galimoto ya a Samson

Lolemba, 6 Okutobala

Ndatsegula difu lero. Mano a giya yaikulu yam'katimo anathyoka kalekale, ndawapeza atagona pansi mu oyilo wakuda bii. Miyezi yonseyi ndalimbana ndi injini mpaka yalira, osadziwa kuti kumbuyo kunafa.

Mkazi wanga Hana wandifunsa kuti difu n'chiyani. Ndamuonetsa chimphika chachitsulo chili pakati pa matayala akumbuyo. Ndati chimenechi ndicho chimalandira mphamvu ya injini n'kuzunguza matayala. Iye wangoti, ndiye kuti sitipita eti? Ndabwerera pansi pa galimoto.

Galimotoyi ndi ya malume ake a Hana, a Samson. Kagalimoto kofiira, mipando iwiri, kopanda denga. Anawasiyira mzungu amene ankamuphikira ku esiteti, ndipo yakhala pa njerwa m'chigafa cha fodya chikhalire Hana asanabadwe. Ine pano ndine mkamwini chabe. A Benson a galaja ku Namitete andisungira ntchito ndi chipinda kuseri kwa galajako mpaka kutha kwa mwezi uno. Koma kuti nditenge Hana ndi mwana wathu Takondwa, avomere a Samson, eni mbumba. Mawu awo anali amodzi: mukandikweza m'menemu n'kukandifikitsa pa msewu wa tala, za chitengwa tikamba.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ku Lilongwe, ku Biwi. Difu yakeyake ya galimotoyi kulibe, aliyense amene ndamuonetsa chithunzi pa foni wangoseka. Steve, wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, wandifukulira ziwiri zimene zingalowe nditawotcherera pokhalira masipuling'i. Ina ya pikapu, ina ya saluni.

Ndalemba choko n'kuzunguza ndi dzanja. Ya pikapu, shafti yochokera ku injini izungulire pafupifupi kasanu kuti tayala lizungulire kamodzi. Ya saluni katatu ndi theka. Ndiye kuti ya pikapu imakoka ngati ng'ombe, koma pa tala injini ilira msanga liwiro lisanafike. Ya saluni pa tala ndi zii, koma ponyamuka ndi yaulesi, imafuna injini yamphamvu. Yathuyi ndi nkhalamba, imasuta.

Kuchoka kwathu kukafika pa msewu wa Mchinji pali kamlatho ka padambo, kenako chitunda cha mchenga. Njira ina palibe.

A Samson anapereka mbuzi imodzi yoti tigulitse, ndiye ndalama yake ikwana difu imodzi basi. Steve wati ukawotcherera usabwere nayonso kuno. Wandisungira zonse ziwiri mpaka Loweruka.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndawafotokozera a Samson pakhonde pawo, nditakhala pansi. Ndayamba ndi ya pikapu. Andidula.

Akuti mzungu uja tsiku lina anawatenga kupita ku Mchinji, iwo pambali, chipewa m'manja kuopa kuuluka. Akuti sinkalira ayi, unkangomva mphepo. Ine sindikufuna thalakitala, a Nasoni. Ndikufuna imene ija.

Ndati malume, vuto ndi chitunda chija. Andiyankha: Chitunda chimenecho chinalipo inu musanabwere pamudzi pano.

Ndati zoona malume. Ndadzuka.

Ndinafuna kunena kuti esiteti ija inali m'mbali mwa tala, ndipo galimotoyi inatsika kuno mokokedwa, sinakwerepo chitundacho chiyambire. Koma ndinangochoka.

Lachisanu, 10 Okutobala

Takondwa watentha thupi kuyambira m'mawa. Akutsokomola ngati mwezi watha uja. Hana wamupukuta ndi nsalu yonyowa, masana kwatsika pang'ono. Ku Namitete chipatala chili pafupi ndi galaja, munthu ungathamange naye m'manja. Kuno ndi kudikira kabaza.

Mlamu Daniel wandipeza pansi pa galimoto. Akuti alamu, fodya sathiriridwa ndi oyilo. Nazale yanga yauma mbali imodzi, ndikudziwa. Aliyense pamudzi pano akudziwa.

Hana wati ikani imene mukuidziwa inuyo, malume sangaizindikire poiyang'ana. Ndati aizindikira poimva. Tikangofika pa tala iyamba kukuwa, ndiye adzati ndawanamiza dala. Wati nanga ya saluniyo ikakanika kukwera? Ndati mwina nditaithamangitsa kuchokera pa mlatho.

Mwina, watero Hana. Wapita kukatunga madzi.

Ndawaimbira a Benson. Akuti ika ya pikapu iwe, galimoto yosakwera chitunda ndi mpando. Akutinso pali makaniko wina wa ku Msundwe akufunsafunsa za chipinda chija, ndisachedwe.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinanyamuka ndikudziwa kuti ndikatenga ya pikapu. M'minibasi monse ndinali pa ya pikapu. Nditafika ndaima pakati pa ziwirizo mpaka Steve wati achimwene, mukusankha mkazi kodi?

Ndatenga ya saluni.

Galimoto ndi yawo, mbuzi ndi yawo, mudzi ndi wawo. Ndikaika imene anaikana, ngakhale itakwera, ndalakwa kale. Ndi zimene ndakhala ndikudziuza pobwerera, difu ili pa mapazi anga, kondakitala akudandaula za oyilo.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Kuwotcherera kwatha ku Namitete, yabwera pa ngolo. A Benson anaizunguza ndi dzanja, n'kungondiyang'ana. Bola akanandikalipira.

Lachisanu, 17 Okutobala

Yayenda. Yatuluka m'chigafa yokha, ndaizungulitsa pabwalo la mpira. Ana amudzi wonse pambuyo. Ndamukweza Takondwa pamiyendo, wagwira chiwongolero, akuti vuuu, vuuu, malovu pa malaya anga. Chifuwa chikadalipo koma waseka.

Koma ndaimva. Ponyamuka ikufuna ndiigwirire kilatchi nthawi yaitali, apo ayi izima. Pamalo osalala pomwe. Ndinafuna kukayesa chitunda ndekha kaye, a Samson akana. Akuti woyamba kutuluka nayo pamudzi ndi iwo, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndaphwetsako matayala akumbuyo pang'ono chifukwa cha mchenga. Ndachotsa tayala lapadera ndi jeke kuti ipepuke. Zina zoti ndichite sindikuziona.

Hana wayamba kumanga ziwiya m'thumba mobisa. Ndamuuza adikire kaye.

Lamulungu, 19 Okutobala

Sinakwere.

A Samson anavala jekete ndi tayi. Anthu ochokera kutchalitchi sanapite kwawo, anatsata. Ndinaithamangitsa kuchokera padambo, pa mlatho inadumpha, a Samson anagwira chitseko. Inakwera bwino mpaka pakati pomwe pali mchenga wambiri, kenako liwiro linayamba kutha. Giya wani. Injini inayamba kutsamwa. Ndinaponda kilatchi theka kuti isazime, mafuta ndinapondanso, ikungonjenjemera pamodzimodzi. Kenako fungo. Ndikulidziwa fungo limenelo. Utsi unatulukira pansi pa mipando.

Ndinati malume, anyamatawa angotikankha pang'ono, pamwambapo muimva momwe mukufunira. Anyamata anali atagwira kale kumbuyo.

Ine sindikankhidwa, anatero. Anatsegula chitseko, anatsika, anakonza jekete, anayamba kubwerera pansi wapansi. Anthu anawapatukira.

Ngakhale akanalola sizikanathandiza. Kilatchi inali itapsa kale, giya ikulowa koma matayala osamva. Daniel anabwera ndi ng'ombe zake. Sananene za oyilo lero. Ine ndinakhala pa chiwongolero, ng'ombe zikukoka, njira yonse mpaka m'chigafa.

Takondwa anali kumsana kwa mayi ake m'mbali mwa njira, akundibayibitsa.

Lolemba, 20 Okutobala

Kilatchi ya galimoto imeneyi Steve akuti sanaionepo. Ndathirira nazale tsiku lonse. Palibe wandilankhula.

Lachitatu, 22 Okutobala

Andiitana pakhonde. Panali a Samson ndi mayi ake a Hana, Hana anakhala chapatali ndi mwana.

A Samson sanakweze mawu. Anati a Nasoni, kodi munkadziwa kuti siikwera? Ndinati ndinkakayika malume. Anati sindinafunse zokayika. Ndinati ndinkadziwa.

Ndiye munaikiranji?

Ndinati munakana inayo, malume. Anati ine ndine kuki, a Nasoni. Ndimadziwa kuphika. Makaniko ndinu. Mawa mwanayu akadzadwala kutali uko, munthu wina wamkulu akadzanena zolakwika, mudzatinso zoona bwana?

Ndinayang'ana pansi. Tsiku lija nditatsutsa akanati mkamwini wamwano, lero ndi mkamwini wopanda msana. Kapena mwina akanandimvera ndikanalimbikira kachiwiri. Sindidziwa, ndipo ndi chimene chikundidya.

Anati ntchito pitani, sitikukanizani, munthu aziona pogwira. Koma Hana ndi mdzukulu wathu akhala pano. Za chitengwa tidzaona chaka china. Mayi ake a Hana anati ndi momwemo.

Ndinafunsa ngati ndingapitirize kufunafuna kilatchi. Anati galimoto isiyeni, yapuma kale zaka zambiri, ipumanso.

Hana wamasula thumba lija. Wabweza mapoto pamalo pake mmodzimmodzi, osaombanitsa.

Lachinayi, 23 Okutobala

Kukhala kapena kupita. Ndikakhala, fodya wa chaka chino ndi theka la nazale ndipo ntchito ipita kwa wa ku Msundwe. Ndikapita, mwana ndizimuona Lamulungu. Hana wati pitani, mukakhala pano mudzangokhala wothirira wa Daniel. Wati akatentha thupi adzandiimbira ndidzabwere ndi kabaza. Ndamusiyira botolo la mankhwala a chifuwa ndi kumuonetsa mzere wa pa kapu, ngati kuti sakuudziwa.

Loweruka, 25 Okutobala

Namitete. Hana anandiperekeza mpaka pa mlatho. Takondwa anali m'tulo kumsana, ndinati asamudzutse. Ndinangomugwira phazi.

Chipinda n'chabwino, chili ndi zenera ndi loko. Theka lake ladzaza matayala akale a galaja. A Benson anabwera ndi makiyi n'kufunsa kuti kodi mayi ndi mwana afika liti, kuti auze anyamata achotse matayalawo.

Ndawauza kuti asavutike kuchotsa. Mphasa imodzi ikwana pamene patsalapo.