Makina Anga pa Fomu ya Alamu

Lachiwiri, 4 Malichi

Mathalauza atatu ofupikitsa, zipi imodzi. Diresi la mayi wa ku banki labweranso, ati likuwathina m'chiuno. Vuto si diresi ayi, koma pakamwa ndatseka. Kasitomala sauzidwa kuti wanenepa.

Wometa wa khomo loyandikana nane wayambiranso nyimbo yake ya ndalama za boma. Ati akupereka kwa amayi a mabizinesi ang'onoang'ono, zosabweza. Ndamuuza kuti tsitsi la anthu lamulowa m'bongo. Chaka chatha ndinalumidwa ndine. Uthenga pafoni, mwasankhidwa mayi, tumizani kangachepe kolembetsera. Ndinatumiza ya ulusi wa mwezi wathunthu. Nambala ija mpaka lero siikupezeka. Boma lomwe limanditumizira wamsonkho mlungu uliwonse, lero landikonda? Asandiputire mkwiyo.

Lachinayi, 6 Malichi

Kunabwera alamu, akazi a achimwene. Zikhadabo zazitali zofiira ngati za munthu amene sanachapepo mbale. Ati akulemba fomu ya ndalama zija, ndiye pakufunika chithunzi ali pa ntchito yawo. Ntchito yake iti? Ati yosoka. Ndinaseka mpaka misozi. Munthu woti batani likathothoka amatumiza malaya kwa ine.

Ndinawakhazika pa mpando wanga, ndinawakoleka tepi m'khosi, choko m'manja. Phazi anaponda chammbali, ndinachita kuwakonzera. Chithunzi ndinajambula ndine, ndi foni yawo. Kenako ati fomu ikufunanso nambala ya makina. Ndinagwada, ndinapukuta mafuta pa kachitsulo ka nambalako, ndinawawerengera imodziimodzi ndi pakamwa pangapa. Ndinati mukalemera musatiiwale, alamu. Wometa naye anaseka.

Madzulo lamba wa makina anaduka. Ndamulumikiza ndi waya.

Lachiwiri, 22 Epulo

Zatuluka. Ndalama zatuluka.

Ndamva kwa wometa, osati kwa abale anga. Ati alamu apatsidwa mlungu watha, abwereka chipinda cha m'mphepete mwa msewu waukulu, chikwangwani chalembedwa kale, chili ndi chithunzi cha sizasi. Sindinakhulupirire. Ndinatseka, ndinapita kukaona ndi maso anga. Chilipo. Sizasi yaikulu ngati ya kumunda. Mkati tebulo limodzi ndi galasi lodziyang'anira. Makina palibe.

Zaka khumi ndi zinayi ndili chiweramire pa singano. Msana, maso. Boma sililidziwa dzina langa. Likudziwa la mayi wa zikhadabo.

Sindinadye. Ndasoka mkono wa malaya chakumbuyo, ndaphwasula kawiri.

Lachinayi, 24 Epulo

Ku ofesi ya ndalama zija. Ati pali gawo lachiwiri, ndiye ndinalawira ndi chitupa changa ndi zithunzi ziwiri. Mzere mpaka panja pa mpanda. Amayi ophika, oluka, wina wanyamula nkhuku ngati umboni. Sikisi koloko mpaka wani, dzuwa lonse pamutu.

Pazenera bambo wa magalasi, waulemu ndithu, sindimunamizira. Analemba dzina, analemba malo. Atalemba nambala ya makina anayang'anitsitsa kompyuta. Ati makina amenewa ali kale m'kaundula, ndi a munthu wina, ndipo makina amodzi sathandizidwa kawiri. Ndinati ndi anga, ndinagula ndekha. Ati lisiti. Lisiti yanji? Ndinagula kwa telala wokalamba amene anandiphunzitsa, ndinkapereka pang'onopang'ono, tinangogwirana chanza. Anamwalira kalekale.

Ati ngati mukunena zoona, lembani dandaulo. Wonamayo abweze ndalama zonse, nkhani ipite ku polisi. Anandipatsa pepala. Ndinalipinda, ndinaliika m'chikwama. Kumbuyo kwanga mayi wina ananong'oneza mnzake kuti awa ndi aja obwereka makina. Ine! Wobwereka makina ine!

Loweruka, 26 Epulo

Ndinapita kwa achimwene. Sindinakhale pansi, madzi ndinakana.

Alamu ati: "Nanga si munkaseka nokha, alamu? Mukanafuna mukanalemba." Chondipweteka n'chakuti sakunama. Ndinaseka. Ukayenda siya phazi, ine ndinasiya mlomo, lero wandipeza.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osagula makina awoawo, poti ndalama zinali za zimenezo. Achimwene maso pansi. Kenako zinatuluka pang'onopang'ono ngati ulusi wa pa bobini yopindika. Lendi ya miyezi itatu, chikwangwani, galasi lija. Zotsala zinakonzera njinga yamoto ya achimwene imene amanyamulira anthu. Zatha. Mwezi sunathe n'komwe.

Ndinatulutsa pepala la dandaulo, ndinawaonetsa. Alamu anayamba kulira mokweza kuti aneba amve. Ana awo atatu atatsamira chitseko, kundiyang'ana ngati ndabwera ndi mpeni. Ndinachoka osatsanzika.

Andidyera masuku pamutu, ndipo mutuwo ndinawaweramitsira ndekha.

Lolemba, 5 Meyi

Oda ya sukulu yabwera, mayunifolomu makumi anayi, akufunika pakutha pa mwezi. Ndadula khumi. Ntchito yokhayi ndiyo ingandichotse manyazi kwa eni nyumba.

Masana achimwene. Anaima pakhomo chipewa m'manja, ngati kuli maliro. Ati Lachisanu kukubwera oyendera, kudzaona ngati bizinesi ilipodi ndiponso ngati makina a nambala ija ali pamalo. Ati: "Tsiku limodzi lokha, mlongo wanga. Madzulo ndidzabweza ndekha."

Ndinawauza kuti akabwereke kwa boma, poti ndi abale awo atsopano. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kuuza munthu amene anandilipirira maphunziro a utelala bambo atamwalira. Iwo sanandikumbutse zimenezo. Bwenzi atandikumbutsa, ndikanapeza pokalipira.

Atapita ndinathyola singano ziwiri.

Lachitatu, 7 Meyi

Atumiza amayi. Ndinadziwa kuti atero.

Anafika ndi ndodo yawo, miyendo yotupa, anakhala pa benchi ya makasitomala kuyambira m'mawa. Ine kusoka, iwo kundiyang'ana. Tiyi anakana. Cha m'ma fili koloko ndi pamene anati: "Chibale ndi fupa, mwanawe. Akamumanga mkaziyo, ana aja udzalera ndiwe."

Nanga ine ndilibe fupa? Bwanji fupalo limangogwira ntchito likakhala loti ine ndigonje? Pamene ankagawana ndalama chibale chinali kuti, chinapita kumadzi?

Zonsezi ndalemba muno. Kwa amayi ndinangoti chabwino. Ndinawaperekeza pokwerera basi, ndinawalipirira.

Pepala la dandaulo ndayatsira mbaula yositira.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndilembe bwinobwino, mwina mawa ndidzayesa maloto.

Makina ananyamulidwa m'mawa pa ngolo yokankha. Ndinatsatira pambuyo, chifukwa sindikhulupirira munthu ndi makina anga. Nditafika alamu ati ndisachoke, oyendera amafuna kuona makina akusoka, ndipo iwo dzanja likuwawawa. Dzanja! Ndinakhala pa mpando, ndinatulutsa yunifolomu imodzi, ndinayamba kusoka kuti ndisaone nkhope ya munthu.

Anabwera awiri, mayi ndi bambo, ndi mafaelo. Mayiyo anagwada, anawerenga nambala, anagwedeza mutu. Anayamikira msoko wanga, ati wowongoka ngati wa ku fakitale. Kenako anandifunsa ine, osati alamu, ine: "Mayi, makinawa ndi a ndani?"

Achimwene anali pazenera panja. Sindinawayang'ane koma ndinkawamva kupuma. Phazi langa linaima lokha.

Ndinati ndi a madamu awa.

Pakamwa pomwe paja. Palibe anandikakamiza, palibe anandigwira pakhosi.

Anasangalala kwambiri. Ati izi ndiye boma likufuna, mayi wathandizidwa, naye walemba mnzake ntchito. Anandifunsa dzina, analilemba pa mzere wa antchito. Bamboyo anatulutsa kachitini ka utoto woyera, analemba manambala awo pa mutu wa makina anga, pamwamba penipeni pa maluwa ake agolide. Ati kuyambira lero makinawa asachoke m'chipinda chino kwa chaka chathunthu. Azibwera osanena tsiku. Akadzapeza palibe, ndi mlandu wa madamu, ndi wa aliyense wawachotsa.

Ndinafunsa ngati wantchito angalembetse nawo gawo lachiwiri. Mayiyo anaseka mwachifundo. Ati ayi, thandizoli ndi la eni mabizinesi.

Atachoka, alamu anandikumbatira, ati ndawapulumutsa. Zikhadabo zinandikanda pakhosi. Achimwene anangoti sankadziwa za chakazo. Mwina n'zoona. Sizikundithandiza kanthu.

Ndabwerera wapansi, manja lendelende.

Loweruka, 10 Meyi

Ndatsegula mwachizolowezi. Chipinda chakula. Pansi pali timaenje tinayi pamene panali miyendo ya makina. Ndasesa mozungulira ngati alipo.

Wometa sanaseke lero. Wandibweretsera tiyi, wangomuika pa benchi.

Mayi wa ku banki anabwera ndi siketi. Ndinamva wometa akuwalozera njira panja, ati pitani ku msewu waukulu, pa chikwangwani cha sizasi, akusokera kumeneko masiku ano. Mayiyo anafunsa kuti kodi shopuyo ndi yanga. Wometa anatsokomola.

Eni nyumba ati ngati sindikusokeramo ndinene msanga, pali wina wogulitsa mafoni akuchifuna.

Lolemba, 12 Meyi

Mayunifolomu makumi atatu ndi asanu ndi anayi atsala. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ndanyamula nsalu pamutu, ulusi, sizasi yanga, ndafika kuno ku shopu ya alamu sikisi koloko monga ndimayambira masiku onse.

Pachitseko loko.

Ndikulemba nditakhala pakhonde, kope pa bondo, mtolo pambali. Pazenera ndikuwaona makina anga, awaphimba ndi nsalu ya maluwa imene sindikuidziwa. Ndaimbira alamu kawiri, sakuyankha. Kachitatu wayankha mwana, ati amayi akusamba, ati mudikire.

Naini koloko yadutsa. Anthu akupita ku ntchito akundipatsa moni, wina wafunsa ngati abwana afika.

Ndamuyankha kuti sanafike.