Bokosi la mano pansi pa bedi

LACHISANU

Edmond 07:12
nsama, bokosi lako lija amai alipeza posesa. analitsegula

Nsama 07:40
kkkkk yawaluma?

Edmond 07:41
si vosekesa. anakuwa mpaka ba landlord anabwela na mpini

Nsama 07:42
wauze ni cha mu game chabe

Edmond 07:50
nawauza. nati mu game umayenda mu mphanga, waona bokosi, uganiza muli golide, ukatsegula litulutsa mano na lilime, lakumeza. nati nsama anapempha nimupangile, aziikamo ma controller ku shop kwake. amai anamva chabe kuti limameza anthu

Edmond 07:53
manje akuti ndiye likudya nyumba ino. nchito ya atate kutha, tomato kuwolela pa stand, unga kukwela, vonse ni ine na mapulanga otsala kwa amalume Petros

Edmond 13:05
abwela azimai a ku chechi. alizungulila, akulithila mchele. mmodzi wagwila lilime na chitenge ati ni nyama ya munthu. ni chubu cha njinga, nsama. ninapenta nekha

Edmond 13:20
ba pastor alitenga. akuti pa sondo niime kutsogolo anichotse mizimu

Edmond 13:21
ubwele ukambe kuti unanituma ndiwe. amalume akuti nikaimikidwa kutsogolo nisapondenso ku workshop, makasitomala ni ochepa kale

LOWELUKA

Edmond 08:30
uliko?

Edmond 11:14
naona wawelenga

Nsama 16:02
sorry boi malaiti yanaenda foni inafa

Nsama 16:04
[mawu 0:31] mvela edo, shop yanga ni ya bana ba sukulu. makolo bakamvela ati kwa nsama kuli va satana nivala same day. na malaiti yamene aya nisebenza ma hours yangono. iwe ingoima chabe, bapemphele, ugwe pansi, yasila. suzafa

Edmond 16:19
umaniziwa. ku sukulu ninalephela na kuwelenga notice pa assembly

Nsama 16:20
nizayesa kubwela

SONDO

Edmond 08:47
tafika. alibika pa tebulo la chopeleka, aliphimba na nsalu yoyela. nakhala pafupi na chitseko kuti unione

Edmond 09:30
?

Edmond 15:36
usavutike, vatha

Edmond 15:44
ananimwetsa mafuta ophikila osakaniza na madzi a mchele, mu kapu yamene anamwela anthu ena patsogolo panga. pamlomo pake panali lipstick. ati mpaka usanze ndiye chatuluka. ninasanza tea na buledi, ba pastor anaika maiki pa beseni kuti onse amve

Edmond 15:47
mai wina anaweramila mu beseni ati akuonamo tsitsi. munali masamba a tea

Edmond 15:52
uziwa anagwila beseni ndani? fanwell, mwana wa ba pastor. yemwe amakhala kwako kuyambila m'mawa, yemwe bokosi la mu game linamumeza katatu tikumuseka. anali kuyang'ana nsapato zake chabe

Edmond 15:58
mano anazula na pulayala limodzilimodzi, anthu akuomba m'manja. anali a pipe, ninawasongola sabata yonse na file. bokosi analitentha panja. kununkha kwa chubu pa moto kukali mu malaya, nachapa koma sikuchoka

Edmond 16:03
amai akondwa. anigulila fanta

MANDE

Edmond 06:55
napita ku workshop. amalume anipatsila tape na pensulo yanga pa geti

Nsama 12:10
boi!! waona video ya ku chechi? ili paliponse. mpaka ba guy ba ku matero banitumila

Nsama 12:11
bakamba ati box ija inali yoopsa kuchila ya mu game. uli na manja mwana

Nsama 12:13
mailo pa sondo ninadwala mutu zoona

Nsama 12:26
[mawu 0:19] manje mvela plan. upange ina, ikulu, meno double. sitiibika pa shop iyayi, tigulisa online, palibe azaziba ni iwe. mapulanga ukatenge kwa ba uncle bako

Nsama 12:58
edo

Nsama 14:40
wawelenga naona

Nsama 17:15
ok olo ingono chabe