Chithunzi Chatuluka Bwino, Komiti Yatha

Zokambirana za msonkhano wachikhumi ndi chiwiri wa komiti yaing'ono ya kalabu ya ojambula zithunzi zakuda ndi zoyera

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pabalaza pa Mlembi, patebulo la pawindo
Opezekapo: Wapampando, Mayi Namwino, Mlembi
Opepesa: A Telala (anasamukira kwa mwana wawo)
Osabwera: A Kalipentala (foni yawo sikupezeka kuyambira Malichi)

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegulira msonkhano nthawi ya 2:10 masana. Anakumbutsa mamembala kuti kalabu inakhazikitsa komitiyi pa ntchito imodzi yokha, yosankha pulogalamu ndi pulofayilo yosindikizira zithunzi kunyumba, ndipo ikasankha, komiti yatha. Anati mwezi wakhumi ndi chiwiri uno, akukalabu ayamba kumatiseka.

Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti chimwalirireni mayi akunyumba kwake, anthu amene amagogoda pakhomo pano ndi a komiti okha. Wapampando anati imeneyo si mfundo ya msonkhano. Yalembedwabe.

2. Zokambirana za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Mayi Namwino anadandaula kuti zikumatalika ngati ulaliki wa mlendo.

3. Pulogalamu

Mayi Namwino anati tigwiritse ntchito pulogalamu imene inabwera ndi pulinta, tiiuze ithire inki yakuda yokha, nkhani ithere pomwepo. Wapampando anakana. Anati inki yakuda yokha imasiya timadontho pankhope, munthu wabwinobwino n'kumaoneka ngati wadwala chikuku. Mayi Namwino anayankha kuti pa msinkhu tafikapowu palibe amationa timadonthoto popanda galasi lokuzira. Wapampando anati iwo amationa. Atakokanakokana, anagwirizana zokhala ndi pulogalamu yokonzera zithunzi imene onse ali nayo kale.

4. Pulofayilo ndi vuto la kufiirira

4.1 Pothandiza a kukalabu odzawerenga, pulofayilo ndi kafayilo kouza kompyuta mmene inki imagwirira pa pepala la mtundu wakutiwakuti. Mlembi anayala zithunzi zoyesera zisanu ndi chimodzi, za mapulofayilo osiyanasiyana, zimene anasindikiza Lachinayi kuti ziume bwino. Zinaonedwa pawindo monga mwa lamulo lathu, poti kuwala kwa babu kumanama. Zonse zinali zofiirira ngati madzi otsukira nyama, monga zakhala zikutulukira chaka chonse. Mlembi anati tiyese pepala lina, tidzaonane mwezi wamawa.

4.2 Mayi Namwino anapempha kukhala pa kompyuta. Mlembi anati tiyi wapsa. Iwo anati tiyi adikira. Anatsegula zosintha za pulinta n'kupeza kuti kabokosi kolola pulinta kukonza mitundu yokha n'kochonga, chonsecho pulogalamu nayo ikukonzanso. "Wodwala mmodzi mukumumwetsa mankhwala kawiri," anatero. Anachotsa kuchongako, nasankha pulofayilo ya opanga pepala, n'kusindikiza chithunzi cha Wapampando cha njinga yoyedzamira khoma.

4.3 Chithunzi chinatuluka bwino. Kuda kunali kuda, kutuwa kunali kutuwa, ndipo masipoko a teyala lakumbuyo ankaoneka ngakhale mumthunzi. Mlembi akuvomereza kuti chinali chokongola. Iye anakumbutsa kuti chithunzi sichiweruzidwa chisanagone tsiku lathunthu. Mayi Namwino anati inki ikamauma imasintha pang'ono, koma siisanduka magazi.

4.4 Kenako Mayi Namwino anatembenukira kwa Mlembi. "Achimwene, kabokosi aka ndinakakonza ndi dzanja langali mu Novembala. Wachonganso ndani?"

Mlembi anayankha kuti amakhala yekha.

Kuti zolembazi zikhale zoona, Mlembi akulemba kuti vutoli analizindikira pa msonkhano wachitatu, ndipo wakhala akuonetsetsa kuti kabokosiko n'kochonga Lachinayi lililonse losindikiza. Anachita manyazi kwambiri.

Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Bambo Mlembi, ine ndimakwera mabasi awiri ndi mawondo angawa. Mukanangonena." Mlembi anati sanadziwe kuti anene pa mfundo iti.

4.5 Voti: awiri anavomereza pulofayilo ya opanga pepala, pulinta isamakonze mitundu. Mlembi sanavote.

5. Zina ndi zina

Mlembi anapereka ganizo lokhazikitsa komiti yosankha mafulemu oikamo zithunzi. Palibe analiikira kumbuyo.

Mayi Namwino anati sanakwiye, kungoti Loweruka amafunika kwa adzukulu. Iwo ndi Wapampando analonjeza kuti azidzamuzonda Mlembi akapeza mpata. Mlembi anafunsa ngati angalembe tsiku lake. Anamuuza kuti pachibale salemba masiku.

6. Tsiku la msonkhano wotsatira

Palibe. Mlembi anafunsa kuti nanga zokambirana zino adzazivomereza ndani, poti mwambo wake zimawerengedwa pa msonkhano wotsatira. Anati akhoza kudzafika nazo yekha kunyumba kwa Wapampando kuti akasaine. Wapampando anati asavutike ndi ulendo. Anatenga pepala losalembapo, nasaina m'munsi mwake, n'kunena kuti Mlembi adzadzaze pamwambapo, amamukhulupirirabe.

7. Kutseka

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 3:35 masana, mofulumira kuposa misonkhano yonse. Mlembi anawaperekeza mpaka pamsewu ndipo anaima pomwepo mpaka basi itanyamuka.

Zokambiranazi zalembedwa Lamulungu, pamwamba pa pomwe Wapampando anasaina. Mlembi waziwerenga mokweza pabalaza kuyambira mfundo yoyamba mpaka yomaliza, nafunsa ngati pali wofuna kukonzapo. Palibe anatsutsa.

Wasaina: ____________ Wapampando (14 Juni)

Wasaina: ____________ Mlembi (15 Juni)