Anandifunsa Kamodzi Kokha

Lachiwiri, 5 Novembala

Ayi, sindinakane. Foni iwe, lemba bwino zimenezi, poti Nagat mkazi wanga akungoti ndinakana. Ine ndinangoyankha mmene munthu amayankhira. Wael, mwana wa malemu Hagg Metwalli, uja anakulira ku Canada, watsegula malo ochapira zovala kuno ku Tanta. Wandipeza nditakhala pakhomo pa kashopu kanga kotseka kaja, akuti, "Amalume Shehata, bwerani muzindisitira, muyambe Loweruka." Ine dzanja pamtima, "Mulungu akusunge mwana wanga, usadzivutitse." Iye, "Chabwino amalume." Wakwera galimoto. Basi.

Lachitatu, 6 Novembala

Abweranso ameneyu. Munthu amafunsa katatu, kachitatuko n'kulumbira, ndiye umadziwa kuti ntchito ilipodi. Kamodzi ndi ulemu chabe, ngati uja amati tiyeni tidye mbale atatsuka kale. Ndikanalumphira, si akanati Shehata njala yamuthetsa manyazi? Bambo a Wael anachita kundikoka mkono, ndipo ndinawasitira magalabiya, mikanjo yathu ija, zaka makumi atatu.

Nagat akuti, "Bambo a Hoda, ulemu wanuwo tiuthira m'nyemba?"

Lachisanu, 8 Novembala

Kumzikiti tinali mzere umodzi ndi Wael. Wandipatsa moni bwinobwino, wafunsa za bondo langa. Za ntchito, zii.

Loweruka, 9 Novembala

Ndapukuta nsimbi yanga, miyezi isanu osaona moto. Ndasita galabiya langa, kaya ndasitiranji. Tsiku lonse khutu kuchitseko.

Lamulungu, 10 Novembala

Nagat wangondiikira nsapato pakhomo. Ndapita kwa Wael. M'njira monse ndimakonza mawu, ndikati chakuti, iye akati chakuti. Kufika, ndasuzumira pawindo. Patebulo pali munthu kale, akusita shati kuyambira kumsana, kolala pomaliza. Kolala pomaliza! Sindinalowe.

Pobwera ndapeza mayi a Ragab, a khomo loyang'anana ndi lathu, akusankha mpunga pamasitepe. Ndimati ndingodutsa, koma andiona.

"Bambo a Hoda, mwamuona Sobhi mkamwini wanga akusita kwa Wael uko? Wael yemweyo anabwera kwa ine Lachinayi, nkhope ili yakugwa. Akuti amafuna inuyo, manja amene ankasitira bambo ake, koma mwakana, ndiye sakanakakamiza munthu wamkulu. Sobhi ndiye anavomera funso lisanathe n'komwe."