Mfundo za Amayi pa Tsekera

Lukwa, Kasungu
Seputembala 2008

Okondedwa achemwali a Fainala,

Muli bwanji ku Mzuzuko, inu ndi alamu? Nanga mwana chifuwa chija chinamusiya? Ine ndili bwino, kusukulu ndikupita, kungoti chichokereni inu pamaliro paja nyumba ino yandikulira.

Ndalemba chifukwa cha tsekera wa amayi, udzu wofolera uja wa kuseri kwa chulu, m'mphepete mwa dambo. Paja munthu akafuna udzu pamalo amamanga mfundo kunsonga kuti anzake adziwe kuti pali mwini. Amayi anamanga zawo mu Meyi asanayambe kudwala. Mfundozo zikadalipo. Anthu amweta konse kozungulira, koma pamenepo palibe waikapo zenga. A Ennie oyandikana nafe aja akuti sangamwete udzu umene mwini wake sanamasule.

Ndimapitako ndikaweruka. Watalika kundiposa, ngala zake zafiira. Njere iliyonse ili ndi kamchira kopindika kamene kamakola pa yunifolomu. Amayi anandionetsa ndili wamng'ono kuti ukakapaka malovu kamazungulira kokha, kufuna polowera m'nthaka. Dzulo ndinayesa, kanazungulira. Ndinakhala pansi.

Aphunzitsi a zaulimi akuti tsekera ali ponseponse, mpaka ku Zambia ndi kupitirira, ndipo moto sumupha chifukwa moyo wake uli m'tsinde. Zoona, njira yonse ya ku Chamama ndi yemweyu. Koma womangidwa ndi manja a amayi ali pamalo amodzi okha.

Tsono amalume a Yobu akuti chaka chino alandira kuponi ya feteleza, ndiye akufuna kukuza munda. Akuti mwezi ukatha atentha pachulupo, azule matsinde onse, akweze mizere. Ndinawapempha kuti adikire. Anaseka, akuti kodi ndinaona ndani akudya udzu, ndiponso ine ndine mwamuna wodzapita kuchikamwini, malowa ndi a mbumba. Ndiye kuti ndi anu, achemwali. Inu akhoza kukumverani.

Denga la kuchipinda kwa amayi likuonetsa kumwamba. Ndikudziwa kuti udzuwo anamangira lomwelo. Loweruka ndinatenga zenga lawo, ndinafika, ndinagwira mfundo yoyamba. Anaipotokola kumanzere, monga ankamangira mpango. Ndinabwerera wopanda ngakhale mtolo.

Chonde bwerani mwezi usanathe. Mudzamwete inu, ine ndidzasenza ndi kufolera. Mudzawauze amalume asiyeko matsinde, angakhale a pachulu pokha, kuti mvula ikagwa aphukenso. Mukachedwa mudzapeza mizere, ndipo sindidzatha kukulozerani pamene amayi anaima.

Mupereke moni kwa alamu, mwanayo mundigwirire dzanja. Ambuye akusungeni, akupatseninso njira yobwerera.

Ndine mlongo wanu,
Lameki