Andiwerenga Pagulu la Ochira

17 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kupuma ndikupuma. Mwendo uja ndi chimodzimodzi, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, chilonda chimauma m'mbali n'kutsegukanso pakati. Anamwino akuti shugayu ndiye akuchikaniza kupola. Koma lero sindikulemba za mwendo. Ndanyansidwa, achemwali, moti ndikapanda kukuuzani ndiphulika.

Mukudziwa kuti chipinda changa chili kuseri kwa tchalitchi, pakati pathu pali mpanda ndi galaja ya amakaniko basi. Chisiyireni kuyenda, Lamulungu lililonse ndimadzikoka mpaka pawindo, kulitsegula, n'kumamvera mapemphero pa zokuzira mawu. Ikafika nthawi yopempherera odwala, amlembi amawerenga mayina, langa limayambirira poti ndine mkhalakale. Musaseke, kadzina kameneko ndi kamene kamandilowetsa m'tchalitchi. Ndiponso amayi oyendera odwala amatsata mndandanda womwewo. Lachinayi lililonse amabwera kudzachapa mabandeji, kukolopa, n'kundisambitsa kumsana kumene manja safika.

Sabata ziwiri zapitazo kunabwera amlembiwo, jekete ali nayo, fayilo kukhwapa. Mpando anaukana. Anaima pakhomo, kampango kali pamphuno ngati agwidwa chimfine.

"Mayi, abusa atsopanowa akuti mndandanda watalika. Anthu akamamva dzina lomwelomwelo chaka ndi chaka akufooka m'chikhulupiriro."

"Ndiye nditani, amlembi? Ndife msanga?"

"Aa, mayi, musatero. Timati tikusamutsireni pamndandanda wa oyankhidwa mapemphero. Simukupezako bwino pang'ono? Nkhopetu ikuwala."

Ndinamasula bandeji pamaso pawo. Inde ndinatero, Mulungu andikhululukire. Mafinya ali chuchuchu, fungo lili guu chipinda chonse. Ndinati, "Onani kuwalako." Munthu wamkulu anabwerera chafutambuyo mpaka kugubuduza ndowa, uku akuti, "Tizilankhula mwachikhulupiriro, mayi." Anapita osapemphera n'komwe.

Lamulungu lake ndinakhala pawindo monga mwa masiku onse, phazi lili m'beseni la madzi amchere. Anawerenga odwala, ine mulibe. Ndinati mwina adumpha mzere. Kenako abusa anatenga maiki, mawu atakweza ngati akugulitsa malonda: "Ambuye achita zazikulu! Mayi athu aja agona zaka zisanu ndi chimodzi alandira machiritso awo!" Kunatchulidwa dzina langa lonse, la bambo athu lomwe. Tchalitchi chonse m'manja, kiyibodi, kukuwa. Ine kuno ndikuingitsa ntchentche pachilonda. Achemwali, ndinasanza. Sindikukokomeza, ndinasanzadi m'beseni momwemo.

Lachinayi ndinadikira mpaka madzulo, pakhomo pali zii. Dzana mmodzi wa amayi aja anadutsa pawindo akuchokera kumsika, kumwetulira mpaka m'makutu.

"Tamvatu nkhani yabwino! Mubwera liti kudzachitira umboni?"

"Lowani mudzauone umboniwo," ndinatero.

Anasuzumira, nkhope inagwa. "Ii, pepani. Ifetu timangotsata pepala." Ndipo anatsatadi pepala lawolo, ulendo.

Panopa mabandeji ndikuchapa ndekha nditakhala pansi. Madzi amanditungira amakaniko aja, mdala woti pakhomo la tchalitchi sanapondepo, pakamwa pake n'potukwana pokhapokha. Amangoika ndowa pakhomo n'kunena kuti, "Amayi ochira, madzi awa." Ndimaseka, nanga ndilire?

Tsopano pali china chimene sindinauzepo munthu. Paja ndisanadwale ndinagwirapo buku la odwala zaka zisanu ndi ziwiri. Munali atelala aja anafa ziwalo mbali imodzi, amene anakusokerani diresi laukwati. Anakhala m'buku langa zaka zinayi. M'chipinda mwawo munkanunkha mkodzo, dovu linkatsikira pamalaya, ndipo ine ndikatulukamo ndinkalavula kuseri kwa nyumba. Tsiku lina buku litadzaza, ndikukopera mayina m'latsopano, lawo ndinalisiya. Palibe m'busa anandituma, palibe anandinong'oneza. Ndinangotopa nawo. Amayi oyendera odwala anasiya kupitako chifukwa nawonso ankatsata pepala, pepala la dzanja langa. Za imfa yawo tinamva ataikidwa kale, ndipo ine ndinanena nawo kuti, "Ii, bwanji osatiuza?"

Ndiye mukamva kuti ndanyansidwa, dziwani kuti theka ndanyansidwa ndi amlembi, theka ndi ine mwini. Kampango kawo kaja ndinakazindikira msanga chifukwa nanenso ndinali nako kanga.

Musade nkhawa kuti ndamusiya Mulungu. Timakangana tsiku ndi tsiku. Ndimamuuza kuti ndatopa, kuti sindikumvetsa chimene akuchita ndi mwendowu, kuti anthu ake andinamizira pamaso pake. Sayankha. Koma kukacha ndimapezeka ndayambanso kumuitana, poti ndipita kwa yani? Iye yekha ndi amene amachiona chilondachi osagwira pamphuno. Akachiza, achize. Akapanda kutero, andipeza pompano ndikumudikira, wodwala, osati wochira wabodza.

Musavutike ndi ulendo, ndikudziwa ntchito siikulolani. Ndikupempha ziwiri zokha. Kutchalitchi kwanuko, akamapempherera odwala, imirirani munditchule mokweza. Asandidziwe, zilibe kanthu. Munene kuti sindinachire.

Chachiwiri, munditumizire dzina la atelala aja. Masiku atatu ndakhala ndikulifunafuna m'mutu, lakana. Ndikamapepesa kwa Mulungu ndimangoti "atelala aja." Inu munawadziwa bwino, munkapitako kukayesa diresi. Mukaiwala, afunseni alamu.

Moni kwa alamuwo, muwauze achepetse shuga m'tiyi asadzandipeze kuno. Moni kwa ana onse, aliyense mumutchule dzina lake pomupatsa moniyo, musawaphatikize pamodzi.

Ndine mng'ono wanu,
amene akudwalabe.